Kodi Woipa Amabadwa ndi Nyanga?

Pa msonkhano wa Mphakati wina kuno ku Mulanje, anthu atatha kugawana Mau a Mulungu ndi kukambirana za odwala, mai wina anaimirira ndi dandaulo. Anati mwana wao wamwamuna, amene ali ku sekondale, amatha maola ambiri maso ali pa foni, kusewera masewero aja achinyamata amati magemu. Zimenezi zokha sizinadabwitse munthu, pakuti dandaulo lotere lili m'nyumba zambiri masiku ano. Chimene chinawasautsa maiwo n'chakuti tsiku lina, banja lili pa nsima, mnyamatayo ananena kuti akumumvera chisoni munthu woipa wa m'gemumo, munthu amene anatentha mudzi wathunthu ndi kupha eni ake. Bambo wina wachikulire, amene tonse timawalemekeza, anayankha msanga. Anati apa ndiye poonekera ntchito ya Satana: kale nkhani zinkaphunzitsa mwana kudana ndi woipa, koma za lero zikumuphunzitsa kumulirira. Anati nkhani yabwino ndi imene woipa amaoneka woipa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, kuti mwana asasokonezeke. Ambiri anavomera ndi mitu.

Ife sitinavomere, ndipo tikulemba pano kuti titsutse maganizo amenewa mwaulemu koma mosabisa mau. Tiyambe ndi kuvomereza zimene zili zoona m'dandaulo la makolo. Magemu amadya nthawi ya sukulu ndi ya kumunda. Amadya ndalama zimene zikanagula makope. Ambiri a iwo ngodzaza ndi malupanga ndi mfuti, ndipo mwana wongosiyidwa nao popanda wamkulu womulangiza sapindula kanthu. Pa zonsezi tili pamodzi ndi makolo. Koma pa mfundo imodzi iyi, yakuti nkhani yolongosola m'mene munthu anasandukira woipa ndi nkhani yoononga mwana, tikukana. Tikunena kuti nkhani yotere ili pafupi ndi chiphunzitso cha Eklezia kuposa nkhani ya woipa wa nyanga, ndipo tikunenanso kuti boma lathu lino la Mulanje linalipira kale mtengo wa magazi chifukwa chokhulupirira za oipa a nyanga.

Popeza awerengi ambiri a tsamba lino sanaigwirepo gemu imene tikunenayi, tiifotokoze pang'ono. M'chaka cha 1997 kampani ya ku Japan yotchedwa Square inatulutsa gemu ya Final Fantasy VII. Ndi mtundu wa masewero amene wosewera amatenga malo a munthu mmodzi wa m'nkhani, nayenda naye ulendo wautali, kucheza ndi anthu, kumenya nkhondo, ndi kuona nkhaniyo ikutambasuka pang'onopang'ono ngati buku. Mdani wamkulu m'menemo ndi Sephiroth, munthu wamtali wa tsitsi loyera ndi lupanga lalitali, amene anapha mtsikana Aerith akupemphera, nafuna kuononga dziko lonse kuti iye akhale ngati mulungu. Gemu yoyambayo inangotilawitsa pang'ono za kale lake. Patapita zaka khumi, mu 2007, kampaniyo, itaphatikizana ndi inzake n'kukhala Square Enix, inatulutsa gemu ina yotchedwa Crisis Core, imene inakonzedwanso mwatsopano mu 2022. Iyi ndi mphukira ya yoyamba ija, monga nthochi imaphukira pa tsinde la make. Nkhani yake imayamba zaka zisanu ndi ziwiri m'mbuyo, ndipo mbali yaikulu ya ntchito yake ndi kuyankha funso lakuti Sephiroth anafika bwanji pamenepo.

Tikakumana naye mu Crisis Core, Sephiroth ndi ngwazi imene anyamata onse amaisirira. Ndi msilikali wamkulu wa kampani ya Shinra, imene imapopa mphamvu ya moyo kuchokera pansi pa nthaka kuti ipange magetsi ndi chuma. Ndi munthu wofatsa, wosalankhula zambiri, ndipo ali ndi abwenzi awiri okha, Angeal ndi Genesis. Tsiku lina Genesis atavulala pa masewera omenyana, Sephiroth anadzipereka kuti ampatse magazi ake, koma madokotala anamukana. Abwenzi akewo atathawa ku kampaniyo, iye anatumidwa kukawasaka, koma anakana, pakuti sanafune kutambasula dzanja pa anzake. Uyu ndiye munthu amene pambuyo pake anatentha mudzi.

Tsono taonani masitepe amene anatsika nao. Loyamba linali bodza limene analeredwa nalo: anauzidwa kuti mai ake anali Jenova ndipo anamwalira pomubereka, pamene zoona zake, monga tidziwira kuchokera ku gemu yoyamba ija, n'zakuti anabadwa kwa munthu wamkazi, koma akatswiri a sayansi, pakati pao bambo ake omubala a Hojo, anamuthira m'thupi zinthu za cholengedwa chachilendo akali m'mimba, kuti apange msilikali woposa onse. Lachiwiri linali kutaya abwenzi. Lachitatu linachitika ku Nibelheim, mudzi wa m'tsinde mwa phiri monga ilili midzi yathu ya ku Likhubula, kumene anaona anthu osandutsidwa zilombo m'mitsuko ya kampaniyo, naona dzina la Jenova litalembedwa pa khomo, ndipo Genesis, mnzake wakale uja, anamuuza pamaso kuti nayenso ndi chilombo. Lachinai ndilo lalikulu: anadzitsekera m'chipinda cha pansi pa nyumba, nakhala masiku asanu ndi awiri akuwerenga zolemba za akatswiri aja, yekhayekha, osalola munthu kumulankhula. Zolembazo zinali zolakwika, koma iye sanafunse aliyense. Akulu anati safunsa anadya phula. Anatulukamo atatsimikiza kuti iye ndiye wosankhidwa, mwini weniweni wa dziko, ndi kuti anthu ena onse ndi mbava zimene zinamulanda cholowa chake. Usiku umenewo Nibelheim unapsa.

Kodi mwana amene waona zonsezi n'kumva chisoni wachimwa? Ngati wachimwa, ndiye kuti wolemba Buku Loyamba la Samuele anachimwa iye asanabadwe. Tawerengani mbiri ya mfumu Saulo. Tikumuona koyamba ali mnyamata wamtali ndi wokongola, akufunafuna abulu otayika a bambo ake. Tsiku lomulonga ufumu anakabisala pakati pa akatundu chifukwa cha manyazi. Atapambana nkhondo yake yoyamba, anakana kuti anthu amene anamunyoza aphedwe. Koma kenaka analephera kudikira Samuele ku Giligala napereka nsembe yekha. Anamva nyimbo ya akazi yotamanda Davide, nsanje inamera mumtima mwake, naponya mkondo kwa mnyamata amene ankamuimbira zeze. Analamula kuti ansembe 85 a ku Nobu aphedwe tsiku limodzi. Pomaliza anapita usiku kwa mkazi woombeza ku Endori, ndipo anafera pa lupanga lake lomwe pa phiri la Gilibowa. Malembo Oyera sanatibisire unyamata wake wabwino poopa kuti tingasokonezeke. Anationetsa dala, sitepe ndi sitepe, kuti tiope, pakuti nsanje imene inamugwetsa ndi yomweyo imene timaimva ife mnzathu akakwezedwa pa ntchito kapena akamanga nyumba ya malata. Ndipo Davide, amene anasakidwa ngati nyama, anamulira Saulo atamwalira. Palibe mlaliki amene ananenapo kuti misozi imeneyo inali ya Satana.

Chimodzimodzi Kaini. Asanaphe mbale wake, Mulungu analankhula naye, namuchenjeza kuti tchimo lili pafupi koma angathe kuligonjetsa. Atapha, Mulungu anamulanga ndithu, komanso anamuika chizindikiro kuti wina aliyense wokumana naye asamuphe. Chimodzimodzi Yudasi Iskariote, amene Ambuye anamusankha okha pakati pa khumi ndi awiri aja, namusungitsa thumba la ndalama, namusambitsa mapazi. Agustino Woyera, amene paunyamata wake anatsata chiphunzitso cha Amanikeyo chonena kuti kuipa ndi mphamvu yodziimira payokha yofanana ndi ubwino, anadzachikana chiphunzitsocho, naphunzitsa kuti chilichonse chimene Mulungu analenga n'chabwino, ndipo kuipa ndi ubwino umene waonongeka, monga dzimbiri pa khasu kapena chiswe m'mtanda wa denga. Palibe dzimbiri popanda chitsulo. Ngakhale Satana amene, Eklezia amaphunzitsa kuti analengedwa mngelo wabwino, nagwa mwa kufuna kwake. Choncho munthu wonena kuti woipa ayenera kuoneka woipa kuyambira pachiyambi akuganiza kuti akuteteza chikhulupiriro, koma mosadziwa wabwerera kwa Amanikeyo.

Tikudziwa kumene maganizo a bambo aja akuchokera, ndipo sitikuwanyoza. Tonsefe tinakulira pa nthano za madzulo, agogo akuti padangokhala, ife n'kuyankha kuti tili tonse. M'nthano zimenezo Fisi ndi Fisi basi. Palibe amene amafunsa kuti Fisi analeredwa bwanji kapena anayamba liti dyera. Kwa mwana wa zaka zisanu zimenezi n'zokwanira, chifukwa ayenera kuyamba wadziwa kuti dyera n'loipa asanaphunzire kumene limachokera. Koma phala la khanda silikhutitsa munthu wolima. Komanso tisaiwale kuti Fisi ndi nyama, ndipo agogo ankadziwa zimene ankachita pomuveka nyama makhalidwe oipawo m'malo motchula munthu wa m'mudzi.

Kuno kwathu tili ndi mdani winanso wopanda nkhope, Napolo. Mu Marichi 1991 madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kukokolola midzi ya ku Phalombe, imene nthawi imeneyo inali mbali ya boma la Mulanje, ndipo anthu mazanamazana anafa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anachitanso zomwezo m'mbali mwa mapiri athu. Anthu akati Napolo wadutsa, sitiwatsutsa kwambiri, pakuti chigumula chilibe chikumbumtima, sichinabatizidwe, ndipo sichidzaimirira pa chiweruzo. Tsoka limayamba pamene titenga munthu, wobadwa kwa mai, n'kumusandutsa Fisi kapena Napolo, chinthu chopanda mbiri, chopanda abale, chimene ntchito yake ndi kuipa kokha.

Zimenezi tinazichita, abale athu, ndipo sipanapite nthawi yaitali. Mu Seputembala 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka kuno ku Mulanje, nifalikira ku Phalombe, ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu anatseka misewu, nayamba kusecha zikwama za apaulendo. Mlendo aliyense, galimoto iliyonse yosadziwika, zinasanduka zokayikitsa. Azachipatala anaopa kulowa m'midzi. Mu Okutobala bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya, ena ndi miyala, ena ndi moto, ndipo mmodzi wa amene anaphedwa ku Blantyre anali munthu wodwala khunyu. Sikanali koyamba. Kumapeto kwa 2002 mphekesera yomweyi inayenda m'chigawo chino cha kum'mwera, munthu anaponyedwa miyala mpaka kufa, ndipo ansembe atatu a Eklezia Katolika anamenyedwa powaganizira kuti ndi anamapopa. Palibe namapopa ndi mmodzi yemwe amene anapezeka ndi umboni, mu 2002 kapena mu 2017.

Namapopa ndiye woipa weniweni wa mtundu umene bambo aja amaufuna m'nkhani. Alibe dzina, alibe kwao, alibe ubwana, sanakhalepo wabwino. Ndi woipa kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Ndipo chifukwa chakuti ndi wotero, palibe chifukwa chomufunsa mafunso, chomuperekera kwa amfumu kapena kupolisi, kapena chomumvera chisoni. Chotsala ndi mwala basi. Mwana amene waphunzira kufunsa kuti munthu uyu anachokera kuti, anafika bwanji pano, mai ake ndani, dzanja lake limachedwa kutola mwala. Ife tikadakonda kuti mu 2017 pa zipata zija pakadakhala anyamata ambiri ozolowera kufunsa mafunso otere, ngakhale atawaphunzira mu gemu ya ku Japan.

Koma pali chinthu china chowawa kuposa ichi. Ngati tifuna kumupeza Sephiroth m'nkhani ya 2017, tisamufune pakati pa ophedwa. Timufune pakati pa oponya miyala. Ambiri a iwo sanali zigawenga. Anali anthu othyola tiyi, ogulitsa nanazi ndi mapeyala pa Chitakale, okwera njinga kupita ku Limbuli, ndipo n'zosakayikitsa kuti ena anali ndi maina a ubatizo. Masitepe ao anali omwe aja. Anali ndi mabala enieni: mphekesera zonse ziwiri zinabwera pambuyo pa njala, ya 2002 ndi ya 2016, pakati pa anthu amene makolo ao anaona thangata, ozolowera kuona chuma cha nthaka yao chikutuluka pa malole iwo n'kutsala ndi manja okha. Munthu wotere akamva kuti wina akumupopa magazi, mtima wake umavomera msanga. Kenaka anamva nkhani yabodza, naikhulupirira osafunsa. Anadzitsekera m'chipinda cha mantha, mmene mau a wansembe, a mfumu kapena a dokotala sankalowa. Anatulukamo atatsimikiza kuti iwo ndiwo oteteza mudzi, ndi kuti amene ali patsogolo paoyo si munthu. Pamenepo moto unayaka. Nkhani imene ingamuthandize mnyamata kuzindikira masitepe amenewa mumtima mwake, akali pa loyamba kapena lachiwiri, ife sitingaitche ntchito ya Satana.

Tsopano titembenukire kwa achinyamata, pakuti nanunso tili nanu mau. Ena mwa inu, mutaona zonse zimene Sephiroth anachitiridwa, mumati alibe mlandu, olakwa ndi Shinra ndi Hojo. Mumaika chithunzi chake pa mafoni anu, mukusirira tsitsi, lupanga ndi nyimbo yoopsa imene imamveka akamalowa. Apa mwalakwa, ndipo kulakwa kwanu n'kofanana kukula ndi kwa akulu aja. Iwo akumulanda woipa mbiri yake, inu mukumulanda ufulu wake, ndipo njira zonse ziwiri zikumuchotsa umunthu. Tivomereze kuti opanga gemuyi ali ndi gawo pa kusokonezeka kwanu. Anamukongoletsa mopitirira muyeso chifukwa kukongola kumagulitsa malonda, ndipo anaika mbali ina ya kuipa kwake m'magazi, ngati kuti tchimo ndi matenda otengera. Mkhristu sangavomereze zimenezo. Tchimo limene tonse timabadwa nalo limafooketsa ufulu wa munthu, koma siliufafaniza.

Komabe gemu yomweyo ili ndi yankho kwa amene amaisewera ndi maso otsegula. Anthu anai anavulazidwa ndi kampani imodzi, ndipo aliyense anayankha mwa njira yake. Genesis anadzaza ndi mkwiyo nayamba nkhondo. Angeal anataya mtima, nadziona ngati chilombo, nakakamiza wophunzira wake kuti amuphe. Sephiroth anasankha kunyada. Koma Zack, mnyamata amene wosewera amayenda naye, anagwidwa ndi Hojo yemweyo, natsekeredwa mumtsuko zaka zinai akumuyesa ngati khoswe. Atathawa, sanatenthe mudzi wa munthu. Ananyamula mnzake Cloud, amene anali wosatha kuyenda kapena kulankhula, namusamala ulendo wonse mpaka asilikali anamuombera pafupi ndi mzinda wa Midgar. Bala linali limodzi, koma zosankha zinali zinai. Anthu a ku Nibelheim sanamulakwire Sephiroth kanthu, ndipo palibe tsamba la m'chipinda chija limene linamugwira dzanja kuti ayatse moto.

Katekisimu wa Eklezia Katolika, amene anatuluka mu 1992, amagwira mbali zonse ziwiri pamodzi. Amaphunzitsa kuti umbuli, mantha, kukakamizidwa ndi zizolowezi zingathe kuchepetsa mlandu wa munthu pamaso pa Mulungu. Amaphunzitsanso kuti munthu ali ndi ufulu, ndipo tchimo lalikulu limachitika pamene munthu achita chinthu choipitsitsa akudziwa ndi movomera. Wansembe aliyense womvetsera anthu m'Sakramenti la Kulapa amagwira ntchito imeneyi: amamva mbiri yonse, amamvetsa, koma sanena kuti palibe tchimo, pakuti pakadapanda tchimo sipakadafunika chikhululukiro. Petulo ndi Yudasi anagwa usiku umodzi, ndipo onse awiri anamva chisoni. Kusiyana kwao n'kwakuti wina anabwerera kwa anzake ndi kwa Ambuye, wina anapita yekha. Apa ndi pamene gemu ija imaperewera. Imadziwa kuonetsa bwino njira yotsikira, koma kwa Sephiroth ilibe khomo lobwererera. Khomo limenelo ndi limene ife Akhristu tiyenera kuwaonetsa ana athu, ndipo sitingawaonetse ngati tayamba ndi kukana kuti wotsikayo ndi munthu.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri, amene anadzatichezera kuno ku Malawi mu Meyi 1989, anaomberedwa pa bwalo la Petulo Woyera ku Roma pa 13 Meyi 1981. Mu Disembala 1983 anapita kundende kukakhala pansi ndi Mehmet Ali Agca, munthu amene anamuombera, nalankhula naye ngati mbale. Chipolopolo sichinasanduke chabwino chifukwa cha ulendo umenewo, ndipo Agca anakhalabe m'ndende zaka zambiri pambuyo pake. Papa yemweyo, m'kalata yake ya mu 1984 yonena za kuyanjana ndi kulapa, anaphunzitsa kuti alipo machimo okhazikika m'kayendetsedwe ka dziko ndi ka chuma, koma kuti onsewo ndi mulu wa machimo a anthu enieni, amene anachita, analola, kapena anangokhala chete. Potero Shinra ali ndi mlandu, Hojo ali ndi mlandu, Sephiroth ali ndi mlandu, ndipo mlandu wa wina suchotsa wa mnzake. Tikamuona mnyamata akutsika m'phiri ndi thabwa la mkungudza wodulidwa mwakuba, mtengo wa fuko lathu umene watsala pang'ono kutha, tinene kuti walakwa. Koma tifunsenso amene anamutuma, amene adzagula thabwalo, ndi amene anamusiyitsa sukulu. M'mera mpoyamba, ndipo woipa aliyense wa m'mudzi mwathu anakulira pamaso pathu.

Nanga tichite chiyani? Kwa mai aja ndi makolo onse, tikupempha kuti musathamangire kuphwanya foni. Ikani malire a nthawi, ndipo sukulu ndi ntchito za pakhomo zikhale patsogolo. Koma tsiku lina khalani pansi ndi mwana wanu, mumuuze akufotokozereni nkhaniyo monga inu munkafotokozera nthano, ndipo mumufunse mafunso atatu. Kodi munthu ameneyu anamulakwira ndani? Kodi ndi pati pamene akanatha kubwerera koma sanabwerere? Kodi iweyo unayamba wadzitsekerapo m'chipinda chotere, wekha ndi mkwiyo wako? Mwana amene angayankhe mafunso amenewa waphunzira kuunguza mtima wake, chimene ndi chiyambi cha kulapa kwabwino. Kwa aphunzitsi a katekisimu, tikupempha kuti pophunzitsa za Saulo, Kaini ndi Yudasi musadumphe masiku ao abwino. Ndipo kwa Miphakati yathu, tikumbutsane kuti Eklezia amaika kuweruza mnzathu mopupuluma ndi kumunamizira pakati pa machimo otsutsa lamulo lachisanu ndi chitatu, ndi kuti ngakhale lamulo la dziko la mu 1911 lokhudza za ufiti linaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Mphekesera ikadzabweranso, kaya ya anamapopa kaya ya agogo wina amene akuti wamanga mvula, padzafunika Mkhristu woyamba kuimirira pakati pa gulu ndi kufunsa dzina la munthuyo ndi kwao.

Mnyamata uja anamva chisoni pa nsima chifukwa anaona munthu wabwino akuonongeka. Mai ake asachite nacho mantha chisoni chimenecho, koma achiongole, kuti chifikenso kwa anthu a ku Nibelheim amene anapsa, ndi kwa anthu enieni amene anafera m'misewu yathu mu 2017, amene mabanja ao akulirabe. Tiwakumbukire pa Misa, iwo pamodzi ndi amene anawapha, pakuti ena mwa amenewa tikukhala nao m'midzi mwathu, ndipo khomo la kulapa likali lotsegula kwa iwo monga lilili kwa ife.